Dothi la Amalume aHumusi

Sabata yatha tinali ndi mapemphero okumbukira kuti patha chaka chimwalirireni amalume anga, aGelevaziyo Mbewe, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike. Mkulu wina wa kutchalitchi, yemwe amalumewo ankangowaonera patali, anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wodzichepetsa, wosadziwa kuyankha mnzake. Ha! Ndinatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi. Mayi amene anakhala pafupi nane anachita kundikoka nsalu kuti ndisaimirire. Wofatsa? Amalume anga? Munthu amene anakangana ndi ansembe, makondakitala, apolisi, mlongo wawo weniweni, ngakhale nkhuku za eni ake? Chonde, akufa musamawanamizire. Ngati palibe wonena zoona ndinena ndine, Nabanda, mwana wa mlongo wawo, amene ndinakhala nawo nyumba imodzi ku Chikanga kuno, mumzinda wa Mutare, kuyambira pamene anachotsedwa kufamu ya kumapiri a Bvumba mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda.

Dzina loti Gelevaziyo ankalidziwa ndi ochepa. Koma mukanafunsa kuti aHumusi amakhala pati, ngakhale woyendetsa kombi, minibasi zathu za kuno, akanakulozerani ndi mlomo. Anali aatali, owonda, ovala ovolosi yakale ya kufamu ndi majombo odula m'miyendo, ndipo kulikonse ankayenda ndi wilibala. Gudumu la wilibalayo linkalira kwii, kwii, moti mano ankachita kuyabwa. Ndinawagulirapo mafuta kuti athire, iwo n'kundibwezera. Ankati kulirako ndiye belu lawo: amayi akamva ali m'nyumba amadziwa kuti ndi nthawi yotulutsa makoko a nthochi, zigoba za mazira ndi phulusa. Zimenezo ndiye anali kutolera khomo ndi khomo, chifukwa ntchito yawo inali yopanga dothi. Sindikunena kulima ayi. Kupanga dothi, kuchokera ku zinyalala.

Dzina lija linachokera ku liwu limodzi la Chilatini. Ali mnyamata kwawo ku Dedza anaphunzirako ku seminale, koma sanakhalitse. Pamishoni pamenepo ansembe achizungu anali ndi manda awoawo, otchingidwa ndi mpanda, kumtunda kwa manda a anthu akuda. Tsiku lina m'kalasi, mphunzitsi atangowaphunzitsa kuti dothi pa Chilatini ndi humus, amalume anaimika dzanja n'kufunsa ngati humus ya mkati mwa mpanda uja ndi yosiyana ndi ya kunja. Mwezi sunathe, anawauza kuti alibe maitanidwe a unsembe, azipita. Chilatini china chonse anachisiya pachipata pamodzi ndi nsapato za eni ake, koma liwu limeneli anatuluka nalo, n'kuyenda nalo mpaka kuno pamene Mutare ankatchedwa Umtali.

Ankalitchula akamatembenuza mulu wa manyowa. Akabaya ndi foloko, "Humus!" Akanyamula, "Humi!" Akatembenuza, "Humo!" Akaponya, "Humum!" Anthu odutsa ankaganiza kuti ndi zamankhwala, ena mpaka kulambalala. Wina akalimba mtima n'kufunsa, ndiye kuti wadziputira sukulu padzuwa. Ankamufotokozera kuti humus ndi dothi pamene likuchita kanthu palokha, humum ndi dothi lomwelo pamene wina akulichita kanthu, humi ndi chinthu cha dothi kapena kukhala pansi padothi, ndipo humo ndi kuchokera m'dothi. Ankati liwulo limangosintha mchira, mutu wake susintha, ndipo iwonso ali chimodzimodzi: awatchule Mnyasa, awatchule mlendo, awatchule mubhurandaya monga Ashona ena amatinyozera ife ochokera ku Malawi, koma mutu ndi womwewo. Ankakondanso kunena kuti liwuli limavala buluku ngati maina aamuna a Chilatini pamene ndi lalikazi, n'chifukwa chake limabala. Akati atenthedwe bwino, ankafika mpaka pa chitsa chake: kuti ndi liwu lakale kuposa mzinda wa Roma, ndipo pachitsa chomwecho panaphukanso homo, kutanthauza munthu, chifukwa kwa anthu akalewo munthu anali wa m'dothi basi. Wofunsa uja pofika apa amakhala akuyang'ana kothawira.

Za kudzichepetsa zija, imvani. Tsiku la Phulusa chaka china, wansembe wathu, akadali wachinyamata nthawi imeneyo, analalikira kuti liwu la Chilatini lonena kudzichepetsa linachokera ku humus, choncho tizikhala pansi ngati dothi, osadandaula tikapondedwa. Ine ndinangoona amalume akugwedezera mwendo, ndinadziwiratu kuti lero kuli ntchito. Misa itatha anamudikira pakhomo, phulusa lili pamphumi.

"Bambo, mwalalikira bwino, koma mwasiyira panjira."

"Ndasiya chiyani, aMbewe?"

"Dothi limapondedwa, inde. Koma onse olipondawo limawameza. Lamulungu likubwerali mudzamalize pamenepo."

Wansembeyo anaseka mwaulemu, koma makutu ake anaoneka kuti atentha. Amayi anga, Nambewe, anayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba mita zingapo kutsogolo, kuti anthu asadziwe kuti ndi mlongo wawo.

Ku Bvumba anagwira ntchito kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka litachita mbuu, pa nazale ya maluwa ndi khofi pafamu ya mzungu wina. Dothi lonse la m'machubu a mbande ankapanga ndi iwo, kuchokera ku masamba ogwa m'nkhalango ndi ndowe. Mafamu atayamba kulandidwa, musaganize kuti anamulira mzungu uja. Anali atakangana naye zaka zonsezo, ndipo tsiku limene ankachoka sanamutsanzike n'komwe. Chimene chinawabaya chinali china. Pogawa malo, iwo anaima pamzere ngati wina aliyense, poti mapiri amenewo anawathirira thukuta moyo wawo wonse. Atafika kutsogolo, wogawayo anayang'ana chitupa chawo n'kunena kuti alendo sakulandira, apite kwawo. Kwawo kuti? Ku Dedza anali atapitako kamodzi, n'kupeza munda wa amayi awo utagawidwa kalekale, adzukulu akuwatchula mtchona ndi kuwafunsa kuti abwerera liti. Uku mlendo, uko mtchona. Munthu wamkulu ndithu, wopanda ngakhale poponda phazi limodzi n'kunena kuti apa m'panga.

Anafika pakhomo pathu masana, atakwera lole yonyamula matabwa, ali ndi bulangeti ndi thumba limodzi lolemera. Amayi anathamangira thumbalo poganiza kuti ndi chimanga. Atamasula anapeza dothi lakuda bii, nyongolotsi zili yakaliyakali.

"Achimwene, zoona? Anzanu anyamula mipando ndi nkhuku, inu mwanyamula dothi? Tidya dothi ife?"

"Mpando anandipatsa ndi mzungu, Nambewe. Ili ndinapanga ndekha."

"Ndiye muliyika pati? Muli ndi munda inu?"

Amalume anakhala pathumba paja n'kuvula chipewa. Anati, "Akuti ndilibe dziko. Chabwino, asunge dziko lawolo. Koma mumve inu nonse awiri: ine sadzandikwirira ndi dothi lopempha." Amayi anangoti fyoo, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinaona ngati ndi mawu a munthu wotopa ndi ulendo, osadziwa kuti moyo wawo wonse wotsala uyenda pa mawu amenewo.

Kumapeto kwa mzere wa nyumba zathu, pamene phiri limayambira, pali thanthwe lalikulu losalala. Nthawi imeneyo linali dzala la aliyense: magalasi osweka, zitini, matewera, agalu akufa. Palibe amene ankalifuna, ngakhale mbuzi. Amalume anachotsa zonsezo, anamanga kampanda ka miyala kuzungulira, n'kukhuthulira pakati thumba lija la ku Bvumba. Linangooneka kadontho pathanthwe lonselo, ndipo anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo anati nyongolotsizo ndiye mbewu, zatsala n'kudyetsedwa. Kuyambira pamenepo wilibala sinapume. Utuchi ankakatenga kumene amacheka matabwa, kabichi wovunda kumsika, zitosi kwa oweta nkhuku, mapesi kwa aliyense wolima m'mbali mwa msewu.

Mikangano ndiye inali ndiwo zawo. Kondakitala wina anakana kuwakweza ndi thumba la zitosi, ati likununkha. Iwo anali atakhala kale, thumba lili pamiyendo, ndipo ananena kuti atsika pokhapokha mnyamatayo atchule chakudya chimodzi chimene amadya chosachokera m'manyowa. Kombi inaima, anthu akukuwa kuti achedwa kuntchito, mpaka dalaivala anangoiliza n'kunyamuka, mawindo onse ali otsekula. Ine ndemwe ndinakangana nawo chifukwa cha masamba a mango. Ndinasesa pabwalo n'kutentha, monga amachitira mkazi aliyense waukhondo. Iwo anafika utsi uli tolotolo, anaima, n'kunena kuti, "Iwe Nabanda, watentha munda wanga wa chaka chamawa." Ndinawayankha kuti pabwalo panga si padzala, ndipo mpaka lero ndikuti sindinalakwe. Koma masamba sindinatenthenso.

Zaka zinapita, dothi lija linakwera mpaka kufika m'ntchafu. Chaka chija mashopu anali mbee, munthu uli ndi ndalama m'manja koma chogula palibe, mzere wathu wonse unadya za pathanthwe: repu, mpiru, tomato, maungu, therere. Koma musawayese woyera mtima wogawa mwachisawawa. Lamulo lawo linali limodzi, wopanda makoko alibe ndiwo. Mayi wina wovala bwino anabwera ndi kachikwama kuti agule, iwo anamubweza kuti akatenge kaye phulusa la kunyumba kwake. Anapita akung'ung'udza, koma anabwera nalo.

Kenako kunabwera aMaposa. Anafika pa galimoto, ndi anyamata okhoma zikhomo, ndipo kunena zoona sanali munthu wamwano poyamba. Anawapatsa moni amalume kuti sekuru, monga Ashona amalemekezera wamkulu, n'kufotokoza kuti malowo awagula, mapepala ali nawo. Anati malowo anawakonda chifukwa cha dimba lomwelo: nyumba adzamanga chakumtunda, ndipo akazi awo azidzalima ndiwo m'dothi lokongolali. Anawalola kuti akolole kaye zimene zinali m'mundamo. Ine magazi anawira. Ndinati tipite ku maofesi, tikakuwe, titenge mzere wonse tikagone pakhomo pawo. Amalume anandiletsa ndi dzanja.

"Thanthwelo si langa, Nabanda. Sindinalipange ine. Atenge."

Ndinawayang'ana kawiri, kuganiza kuti mwina ukalamba wawafewetsa.

"Koma dothi ndi langa," anatero, n'kupempha madzi osamba.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera bwino, anavala jekete yawo ya kutchalitchi pamwamba pa ovolosi, anazula ndiwo zonse n'kuzigawa, kenako anabaya fosholo. Mai Tendai, mnansi wathu wachishona amene ankawasungira makoko kuyambira tsiku loyamba, anawanong'oneza kuti bwanji azichita kukada, anthu asaone. Iwo anayankha mokweza kuti msewu wonse umve, kuti mumdima mumayenda akuba, ndipo iwo sakuba kanthu. Vuto linali poliyika. Bwalo lathu ndi laling'ono ngati mphasa, linadzaza tsiku lomwelo. Ndiye anayamba kuyenda khomo ndi khomo, njira yomwe ija ankatolera makoko, koma tsopano wilibala ikupita yodzaza n'kubwera yopanda kanthu. Anthu anatulutsa matayala akale, ndowa zobooka, masaka, mabafa othyoka. Pakhomo lililonse ankanena mawu amodzimodzi: "Ndakusungitsani, sindinakupatseni. Dzalanimo zimene mukufuna, koma tsiku lina ndidzalifuna." Anthu ankavomera akuseka.

AMaposa atamva anabwera ndi wapolisi, atapeza theka la thanthwe lili poyera. Ulemu uja unali utatha.

"Sekuru, mukuba nthaka yanga!"

"Munagula malo, mwana wanga. Malo ake ndi awa." Anaponda thanthwe ndi jombo, phaa. "Ndinawapeza chonchi, ndikusiyirani chonchi."

Wapolisi anawerama n'kutapa dothi lodzaza dzanja. Munali kachigoba ka dzira ndi kachitsekerero ka botolo. Amalume anamuuza kuti chimene wagwiracho ndi nthochi za Mai Tendai, phulusa la Nabanda, zitosi za nkhuku za kuseri uko, ndi msana wawo. Ngati ndi mlandu, amange mzere wonse, ayambire nkhukuzo. Apo n'kuti amayi a mumzere mwathu ataima mozungulira, aliyense ndowa pamutu, palibe woseka. Wapolisiyo anayang'ana amayiwo, anayang'ana aMaposa, anapukuta dzanja pa buluku n'kunena kuti nkhani ya zinyalala si ya unyolo. AMaposa anapsa mtima, n'kutulutsa liwu lija, kuti mabhurandaya inu mulibe kwanu. Ndinkati amalume awalasa ndi mawu. Ayi. Anangobaya fosholo pafupi ndi nsapato zawo zopolisha, "Humus!" n'kunyamula, "Humi!" mpaka munthu anasuntha yekha.

Ntchitoyo inawatengera nyengo yonse yotentha. Tinkawathandiza, koma wilibala sankalola wina kuigwira. Atachotsa fosholo yomaliza, anatenga tsache langa n'kusesa thanthwe lonse, ming'alu yomwe anaikokota ndi supuni. Ndipo apa ndinene zimene zimandiwawa: ntchito imeneyo ndi imene inawathyola. Msana unapindika, chifuwa chinayamba, ndipo wilibala sanaikankhenso. Ndinawakalipira ndikulira kuti mwadzipha chifukwa cha dothi, dothi lenilenili! Iwo anati bola iwo adziphera lawo, ena amafera la eni. Zaka zotsalazo anakhala pakhonde, akukalipira aliyense wodutsa kuti tomato wa m'tayala lake akufuna madzi.

Anamwalira nyengo yozizira, amayi anga atatsogola kale. Achibale ena anati thupi lipite ku Dedza, koma kumeneko akanalilandira ndani? Tinapeza malo kumanda a mumzinda, kumene dothi lake ndi lofiira, louma gwa, loti ukaponya pabokosi limalira ngati miyala. Mawu awo aja ankandizungulira m'mutu, koma ndinalibe mphamvu. Ndiyende khomo ndi khomo, maliro ali m'nyumba, kukauza anthu kuti azule ndiwo zawo? Ndinangoti pepani amalume, izi zokha zandikanika.

M'mawa wa tsiku loika, tikukonzekera kutulutsa bokosi, ndinamva kwii, kwii. Nditasuzumira ndinaona Mai Tendai akukankha wilibala ija, yodzaza dothi lakuda, ndipo kumbuyo kwawo kunali mzere wa anthu, wina ndowa, wina saka, wina beseni. Bambo wina anabwera ndi tayala lathunthu, tomato ali momwemo ndi zipatso zake. Palibe amene anawatuma. Mai Tendai anangoti, "Anatisungitsa. Tabweza."

Tinakweza zonse pa lole pamodzi ndi bokosi. Kumanda okumba anayamba kuvuta, ati dothi la kunja sililoledwa, ndipo anayang'ana kwa wansembe kuti awathandize. Anali yemwe uja wa tsiku la Phulusa, tsopano ali ndi imvi. Iye anatseka buku lake n'kunena kuti, "Asiyeni. Ine ndinakanganapo nawo ali moyo, sindinapambane." Tinayala dothi lakuda pansi, tinatsitsa bokosi, n'kuthira lina m'mbali ndi pamwamba mpaka thabwa lonse linabisika. Silinalire ngati miyala, linkangogwa phwii, ndipo fungo lake linali la pathanthwe mvula ikangogwa kumene. Ine amene sindinapondeko m'kalasi ya Chilatini ndinangozindikira ndikutchula mawu anayi aja, dzanja lililonse liwu lake, misozi ikulowa m'kamwa. Dothi lofiira la eni ake linabwera pamwamba, koma silinawakhudze.

Thanthwe lija likadalipo. AMaposa anabweretsa anyamata oti akumbe maziko, piki inangodumpha n'kutulutsa moto, ndipo kuphulitsa mwala pakati pa nyumba za anthu sikutheka. Ndiye anazunguliza waya, anaika geti, n'kukhoma loko wamkulu. Mkati mwa wayamo mulibe chilichonse. Mwala uli mbee, masana umatentha moti ngakhale buluzi sakhalapo, ndipo m'mbali mwake mukuonekabe mzere wakuda wosonyeza pamene dothi linkalekezera, ndi mikwasa ya fosholo. Ndikamapita kokwerera kombi ndimadutsa pomwepo dala, ndiime, ndiyang'ane loko uja akulondera mwala, ndiseke mokweza kuti amve amene akumva. Ndikabwerera kunyumba ndimapeza wilibala ili chafufumimba pakhoma, ndowa ya makoko itadzaza pakhomo la khitchini, ndipo mumsewu monse muli zii.